Khansa ya m'Mabele: Funsani Zimene Apeza Popima

Pa mitundu ya khansa imene imagwila azimai muno m'Zambia, ya m'mabele ndiyo yaciwili, pambuyo pa ya pakhomo la cibalilo. Koma ambili sadziwa kuti nthendayi ili ya mitundu-mitundu. Azimai awili angakhale ndi zotupa zolingana kukula, koma cina cikule mofulumila, cina pang'onopang'ono.

Dokotala amadziwa mtundu wace mwa kudula kamnofu pa cotupa ndi kukapima tizinthu tochedwa mapuloteni. Akapeza ER kapena PR, ndiye kuti cotupaco cimakula ndi mphamvu ya mahomoni a m'thupi la mkazi. Khansa yotele kawilikawili siithamanga, ndipo imamva mapilitsi a tamoxifen, amene mai amamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kuposa.

Lina ndi HER2. M'caka ca 1987, Dennis Slamon ndi anzace ku America anaonetsa kuti khansa imene HER2 yaculuka imabwelanso msanga ndipo imafupikitsa moyo. Pofika 1998, mankhwala a trastuzumab, olimbana ndi puloteni limeneli, analoledwa m'dzikolo, ndipo odwala ambili otele tsopano akukhala zaka zoculuka. Pamene onse atatu palibe, mankhwala awiliwa sagwila nchito, conco dokotala amatembenukila ku mankhwala ena amphamvu opha khansa.

Mlimi wanzelu sagula mankhwala a m'munda asanaone cilombo cimene cikudya mbeu zace. N'cifukwa cace tikuti ndi kulakwa kuletsa mai kudulidwa kamnofu poopa kuti mpeni udzafalitsa nthenda. Cimene cimapatsa khansa mpata wofalikila ndi kucedwa. Ndi kulakwanso kubwelela kumudzi ndi kuiwala zotuluka m'kupimako cifukwa ca ndalama za basi. Inu azibambo ndi acibale, gulitsani nkhuku kapena thumba la nshawa kuti mai abwelele pa tsiku limene anauzidwa.

Cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, koma kwa mai wa ku Chama kapena ku Chadiza ulendowo ndi wautali. M'pofunika kuti kupima kumeneku kuzicitika m'cipatala cacikulu ca cigawo ciliconse, ndi kuti yankho lizifika msanga kwa wodwala.

Amai, mukaona kabulu m'bele, pitani ku kiliniki sabata lomwelo. Akakupimani, funsani kuti: "Kodi khansa yanga ndi ya mtundu wanji, ndipo imamva mankhwala ati?" Akulu anati safunsa anadya phula.