Bwanji Mwana Wanu Osakathandizako ku Myuziyamu pa Tchuthi?

Makolo anzanga, mayeso a MSCE akatha, ana athu a Fomu 4 amakhala miyezi ingapo akudikira zotsatira. Kuno ku Area 47 amangoswera pa mipanda, foni ili m'manja, ndipo kwanu kunyanjako amakaswera pa doko. Lero ndati tikambirane za ntchito ina imene ambiri a ife timaipeputsa chifukwa ilibe malipiro: kukathandiza mongodzipereka ku nyumba zoonetserako za chilengedwe ndi mbiri yakale, zimene ena amati myuziyamu.

Malo otere tili nawo. Pa boma la Mangochi pali Lake Malawi Museum, pafupi ndi chipilala cha wotchi chija. Kumeneko amafotokoza za nyanja, za usodzi ndiponso za sitima ya nkhondo ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani m'chaka cha 1914. Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Ku Karonga anatsegula myuziyamu mu 2004, m'mene muli chimango cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ana amene akukhala ndi abale mu Lilongwe muno ali ndi Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalirako nyama zolanditsidwa kwa anthu monga anyani ndi apusi.

Tsono mwanayo apindula chiyani? Taganizani za mwana wa msodzi wa ku Makanjira kapena ku Chipoka. Iye anaona kale chambo chachikazi chitafumbata mazira m'kamwa, ndipo amadziwa kuti khoka likakokedwa nyengo yoswana limapha make ndi ana omwe. Koma m'kalasi la Biology amangoti duu, poganiza kuti sayansi ndi zija za m'buku zokha. Muikeni mwana yemweyu kutsogolo kwa gulu la ana a pulayimale obwera kudzaona malo, kuti awafotokozere chifukwa chake boma limatseka nyanja nyengo zina. Adzafunsidwa mafunso amene sanawayembekeze, ndipo madzulo ake adzatsegula yekha buku, popanda womukakamiza. Ife aphunzitsi timadziwa kuti phunziro limakhazikika m'mutu pamene waliphunzitsako wina. Izi n'zofunika kweni-kweni kwa ana a m'sukulu za CDSS zimene zilibe labotale, kumene mwana amaloweza dzina la chipangizo asanachigwirepo n'kamodzi komwe.

Palinso nkhani ya chizungu. Satifiketi ya MSCE siibwera ngati mwana walephera English, ndipo alendo ochokera kunja amene amafika ku Mangochi ndi ku Cape Maclear ndi aphunzitsi aulere. Kusunga nthawi, kulemba m'kaundula, kulandira munthu mwaulemu, zonsezi amaziphunzira komweko. Potsiriza atha kupempha kalata ya umboni kwa mkulu wa pamalopo, ndipo kalata imeneyi imamuyankhulira pofunsira ntchito.

Ndikudziwa ena muti, “Mwana akagwire ntchito yaulere pamene pakhomo palibe ndiwo?” Funsolo n'lomveka ndithu. Ngati banja likudalira mwanayo pa ngalawa kapena pa geni, musamuchotse. Masiku awiri pa sabata ndi okwanira. Koma kumuletsa pamene akungokhala, ameneyo ine ndimuona ngati umbuli wathu ife akulu-akulu. Za atsikana nazonso tisazembe. Kuwatsekera m'nyumba si yankho ayi. Apite awiri-awiri, abwere dzuwa lisanalowe, ndipo bambo kapena malume akaonekere kuti amudziwe amene akuwayang'anira.

Malo aliwonse ali ndi malamulo ake, tsono mwana asangotulukira pa geti. Pemphani ahedi a sukulu yake kuti alembe kalata, kapena adzere ku kalabu ya zachilengedwe ya pasukulupo, pakuti bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limagwira ntchito ndi makalabu otere. M'kalatamo atchule masiku amene angathe kubwera ndi ntchito imene angagwire, ngakhale kusesa kumene kapena kulondolera ana a sukulu. Akamukana koyamba, akayesenso tchuthi chinacho.