Galimoto Yopanda Denga ndi Dzuwa la M'chigwa cha Shire

Aliyense amene anatsikapo ndi msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kulinga ku Chikwawa adziwa kuti pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 munthu amasintha dziko: amanyamuka pamalo okwera mamita oposa 1,000, kumene m'mawa wa Julayi amafuna juzi, natsetsereka ndi msewu wokhotakhota wa m'phiri, makutu akutsekeka, chigwa chonse chitayalidwa pansi pake ndi Shire akunyezimira pakati, kufikira pa Thabwa, pamene mpweya wolemera ndi wofunda umam'chingamira, nadziwa kuti wafika kwa Amang'anja ndi Asena. Pamsewu umenewu, mwa apo ndi apo, makamaka Loweruka kapena tsiku la ukwati, pamatsika kagalimoto kachilendo, kafupi, kopukutidwa bwino, kamene denga lake lansalu limapindika ndi kubisala kumbuyo kwa mipando; ndipo mwini wake, dzanja lina pachiwongolero, lina litagwira chipewa, amadutsa pa Dyeratu maso onse a pamsika ali pa iye. Anyamata a kabaza amam'yimbira mluzu; amayi ogulitsa masau ndi malambe amasekera m'chitenje, ena n'kumanong'onezana kuti kapena ndalama zinam'thera asanalipire denga. Mlanduwu ndi waung'ono, inde, suyenera kufika pabwalo la Mfumu Yaikulu Lundu; komabe ngakhale mlandu wa nkhuku sagamula atamva mbali imodzi.

Eni ake a galimoto zotere sasowa chonena, ndipo nkosayenera kuwadula mawu. Kumaiko kumene galimotozi zimagulidwa zambiri, makhalidwe a eni ake ndi odziwika. Ku Britain, dziko la mitambo ndi mvula yowaza, anthu amazikonda kwambiri, pakuti dzuwa kwa iwo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chotero likangosuzumira, iwo amapinda denga mofulumira ngakhale kunja kukuzizira, navala chikhoti, nakweza magalasi a m'mbali kuti mphepo isawakwapule m'makutu, natsegulanso chotenthetsera cha kumapazi. Kampani ya Mazda ya ku Japan, imene inatulutsa kagalimoto ka mipando iwiri kotchedwa MX-5 m'chaka cha 1989, inali itapanga timagalimoto totere 1 miliyoni pofika 2016, umene uli umboni wakuti chilakolako cha mphepo sichili cha anthu owerengeka. Ndipo popeza galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan komweko zitayendapo kale, kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Durban, sikudabwitsa kuti pakati pa mazanamazana a galimoto zamadenga imodzi yopinda denga imatsakamira nawo. Taonani tsono chimene chachitika: chinthu chimene anachikonzera anthu osowa dzuwa chafika kwa anthu amene dzuwa lawachulukira.

Koma chigwa nacho chili ndi nthawi zake zachifundo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chafunditsa mapiri a Thyolo ndipo a kumtunda akuothera moto, kuchigwa kumakhala kofunda pang'ono mokoma. Ndipo munthu wowoloka mlatho wa Kamuzu dzuwa litapendeka, mutu wake uli pamtetete, amalandira zinthu zimene wa m'galimoto yotseka sazidziwa. Amamva fungo la madzi othirira nzimbe poyandikira Nchalo, amamva kulira kwa ng'ombe zobwerera kukhola ndi kaphokoso ka mpira pabwalo la sukulu, amaona mlambe wathunthu kuyambira patsinde kufikira kunsonga, osati chidutswa chake chodulidwa ndi zenera. Palinso china chimene ine ndichiyesa cholemera koposa zonsezi. Kwathu kuno munthu wodutsa anzake osapereka moni amayesedwa wamwano, ndipo galimoto za masiku ano, zamagalasi akuda ndi mpweya wozizira m'kati, zasandutsa ambiri kukhala odutsa opanda nkhope, kotero kuti mwana wa m'mudzi womwewo akhoza kupyola pakhomo pa malume ake osazindikirika. Wopinda denga alibe pobisala: akaona akuluakulu m'mbali mwa msewu ayenera kuchepetsa liwiro ndi kuvula chipewa, ndipo akakumana ndi masamba oyalidwa pamsewu kusonyeza maliro, sangachite ngati sanawaone.

Atsogoleri anazindikira mphamvu imeneyi kalekale. Amene anakula m'masiku a Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda akumbukira Rolls-Royce yofiira yopanda denga, mwini wake ali m'suti ya zidutswa zitatu, magalasi akuda kumaso, litchowa likugwedezeka m'mwamba, mbumba ikuimba mbali zonse za msewu. Ndipo tisaiwale kuti ngakhale iye sanali kulola dzuwa kum'fika paliwombo, pakuti chipewa sichinali kum'choka. Kuonekera kotereku kuli ndi mtengo wake, umene dziko lonse linauona pa 22 Novembala 1963, pamene John F. Kennedy anawomberedwa ku Dallas ali m'galimoto yopanda denga, ndi pa 13 Meyi 1981, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anadzachezera dziko lino mu 1989, anavulazidwa ndi mfuti pabwalo la Petro Woyera ku Rome. Andale a lero anapeza njira yapakati. Pa maulendo awo oimaima a nthawi ya kampeni amatulutsa mutu ndi chifuwa pachiboo cha padenga akamalowa pa Ngabu kapena pa Bangula, nagwedeza manja, naponya mawu. Akangopitirira nyumba yotsiriza ya pamsika amabwerera m'kati ndi kutseka. Wina adzati chimenecho ndi chinyengo; ine ndiyesa kuti ndi umboni wakuti iwo alidziwa bwino dzuwa la kuchigwa.

Pakuti dzuwa limeneli si loseweretsa. Ku Ngabu, ku Makhanga ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Ndipo mpweya ukatentha kuposa thupi, mphepo ya liwiro la galimoto imaleka kuchotsa kutentha, iyamba kukubweretsa. Choipa china n'chakuti mphepoyo imaumitsa thukuta lisanaoneke, kotero kuti woyendetsa amadziyesa ali bwino pamene madzi akutha m'thupi mwake, kufikira mutu utayamba kuwawa ndi maso kuchita chidima, iye ali pa liwiro pakati pa njinga, mbuzi ndi malole a nzimbe. Mneneri Yona, msatsi wake utafota ndipo mphepo yotentha itam'peza wopanda mthunzi, anapempha imfa. Akadakhala pa Sorgin masana a Novembala sakadanena zosiyana. Kwa abale athu achialubino, amene khungu lawo limagwidwa khansa chifukwa cha dzuwa, ulendo wotere si nkhani ya kukonda kapena kusakonda konse.

Onjezanipo fumbi la misewu yadothi ya ku East Bank ndi ya kumidzi ya kwa Chapananga, limene limalowa m'mano ndi m'mipando. Onjezanipo phulusa louluka pamene akutentha nzimbe asanadule, limene silisankha malaya oyera a mkwati. Galimotoyo payokha ili ndi zofooka zake. Denga lachitsulo ndilo limamanga thupi la galimoto kukhala chinthu chimodzi, ndipo akalichotsa, opanga amakakamizika kulimbitsa kunsi ndi zitsulo zina, chotero imalemera koposa inzake yamadenga, komabe ikagubuduzika pamakhota a phiri lija okwera alibe chowatchinjiriza chokwanira. Nsalu ya dengalo imapserera ndi dzuwa, mpeni wa mbala suivutikira, ndipo makina oipinda akafa, makaniko wa pa Nchalo, ngakhale ali waluso chotani, adzakuuzani kuti chitsulo chake muchiitanitse kunja. Mimba ya galimotoyo ili pafupi ndi nthaka; ndipo m'chigwa chimene madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi kudula misewu, galimoto yosatha kuwoloka khwawa imakhala ya miyezi yowerengeka pa chaka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: yofuna kukhala galimoto ndi kukhalanso pabwalo, imapereŵera pa zonse ziwiri mvula ikagwa modzidzimutsa.

Kodi tsono tinene kuti kuyenda pamphepo m'chigwa muno ndi kupusa? Iyayi, pakuti pafupi pomwepa pali anthu amene amakuchita tsiku ndi tsiku, ndipo alendo amawalipira ndalama zambiri. Ku nkhalango ya Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuisamalira mogwirizana ndi boma mu 2003, nabwezeramo zipembere, njovu, ndipo mu 2012 mikango, alendo amaonetsedwa nyama ali m'galimoto zotseguka. Koma yang'anitsitsani mapangidwe ake ndi nthawi zake. Zimanyamuka mbandakucha ndi kubwerera dzuwa lisanakwere, zimatulukanso chakumadzulo. Masana zimaima pamthunzi, monganso nyama zomwezo. Ndipo zambiri mwa izo zili ndi denga la lona lokhazikika pa mizati yachitsulo, pamene m'mbali muli mwamphako. Odziwa chigwa anachotsa zipupa nasiya denga, monga achitira womanga khonde kapena chisakasa cha pamsika. Wopanga kagalimoto kopinda denga kaja anachotsa denga nasiya zipupa. Pamenepa ndipo pagona kusiyana konse, ndipo ine ndiima ndi a ku Majete.

Koma nkhaniyi ingakhale yopereŵera tikapanda kunena kuti galimoto yopanda denga yeniyeni ya m'chigwa cha Shire si kagalimoto konyezimira kaja, koma pikapu ya matola ndi lole. Imani m'mawa pa Thabwa pamene ikupakira ulendo wa ku Fatima ndi Muona. Oyamba kufika amapikisana mpando wa kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, pamene pali mthunzi, ndipo kawirikawiri mpandowo umapatsidwa kwa wodwala, kwa gogo, kapena kwa amene maonekedwe ake alonjeza kanthu. Otsala amakwera kumbuyo: abambo m'mphepete mwa bodi, miyendo m'kati, dzanja litakakamira chitsulo chotentha, amayi pakati, pamwamba pa matumba a chimanga ndi mitolo ya kaunjika, mbuzi yomangidwa miyendo ili kumapazi kwawo. Mayi wa khanda amavula chitenje chachiwiri nafunditsa mwana ndi mutu wake womwe, nakhala chotero m'kamdima kotentha ulendo wonse. Mvula ikayamba, kondakitala amasolola lona, aliyense nagwira nsonga yake, ndipo pansi pa lonayo anthu makumi awiri amapumirana mpweya kufikira itakata. Lole yonyamula anamfedwa ndi amayi a Mvano kupita kumanda, kapena anyamata opita kumpira, imayenda chimodzimodzi. Anthu awa adziwa kukoma kwa mphepo ya madzulo kuposa mwini MX-5 aliyense, ndipo nyimbo zawo zimamveka kutali. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anafunsidwa ngati afuna denga kapena ayi.

N'chifukwa chake kuseka kwa amayi a pa Dyeratu kuli ndi maziko, ngakhale mwini kagalimotoyo sanalakwire munthu. Iye ali ndi batani lobwezera denga pamene wakhuta mphepo, ndipo akakhala wanzeru adzalisindikiza kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nasunga kutsegula kwa madzulo a Juni. Wa matola batanilo alibe. Chimene chingam'thandize si chinthu chovuta: mizati inayi yowotcherera ndi lona pamwamba, ntchito ya tsiku limodzi kwa wowotcherera zitsulo wa pa Ngabu, ndipo eni pikapu ena anachita kale. Ambiri sachita, mwina chifukwa mizati imaletsa kusanjikiza katundu wamtali, mwina chifukwa pikapu yokhala ndi denga ndi mabenchi imadziulula yokha pa rodibuloko kuti ntchito yake ndi kunyamula anthu olipira, chimene galimoto ya katundu siiloledwa kuchita popanda chilolezo. Chotero wapolisi sangalamule denga pa galimoto imene pamapepala sinyamula anthu, ndipo mwini wake sangaliike popanda kudzinenera mlandu. Ndipo okwera alibe kothawira, pakuti minibasi nazo zimakana misewu ya kumidziko, makamaka dzinja likafika.