Kafukufuku wa zitsulo si kutaya ndalama

Chitsulo chimaoneka ngati chinthu chimodzi chogwirana, koma pa maikulosikopu ndi timibulu tambirimbiri tolumikizana. Kakhalidwe ka timibulu timeneti ndi kamene kamachititsa kuti chitsulo chikalemedwa chipindike kapena chithyoke. Pali anthu, ena mwa iwo ogawa ndalama za boma, amene amati wophunzira wa payunivesite wotha zaka akuyang'ana zimenezi akungoseweretsa misonkho. Anthuwa akulakwitsa, ndipo umboni uli panyanja.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la America linapanga sitima 2,710 za mtundu wa Liberty. Pofuna changu, zitsulo zake ankaziwotcherera m'malo mozilumikiza ndi misomali monga kale. Sitima zambiri zinayamba kung'aluka, zina mpaka kuduka pakati. Mu Januwale 1943, sitima yonyamula mafuta ya Schenectady, yowotcherera nayonso, inathyoka pawiri ili chiimire padoko la Portland, madzi ali bata. Chala chinaloza owotcherera.

Amene anawachotsa mlanduwo ndi Constance Tipper wa payunivesite ya Cambridge. Mayiyu anali atatha zaka zambiri akukoka tizidutswa ta aluminiyamu n'kumaona mmene timibulu take timatererekera, ntchito imene wofuna phindu la lero akadaitseka tsiku lomwelo. Iye anasonyeza kuti vuto linali m'chitsulo mwenimwenimo: kuzizira kukafika pamlingo wina, chitsulo chimene dzulo chimapindika chimangoti thyo! ngati nkhuni youma. Nyanja ya Atlantic chakumpoto inkazizira kufika pamenepo. Kuwotcherera kunangopatsa mng'alu njira, chifukwa pa sitima ya misomali mng'alu umathera m'mphepete mwa chitsulo chimodzi, pomwe pa yowotcherera umayenda osapeza choutchinga. Kawirikawiri unkayambira pangodya zakuthwa za zibowo zolowetsera katundu.

Mankhwala ake anapezeka: ngodya zija anazipanga zozungulira, anaika malamba a misomali oimitsa ming'alu, ndipo pambuyo pake opanga zitsulo anawonjezera manganese n'kuchepetsa kaboni.

Palibe amene akadauza Tipper ali mtsikana kuti aphunzire za sitima zimene zinali zisanapangidwe. Boma lofunsa wofufuza kuti phindu lili kuti chaka chisanathe likufunsa funso lolakwika. Limugulire maikulosikopu ndi makina oyesera zitsulo, limusiye agwire ntchito.