Mgolo wa Thobwa ndi Mwana Wotentha Thupi

Pa msonkhano wa misasa wa chaka chatha, ife a komiti ya zaumoyo tinagwirizana ndi amayi a Dorika kuti m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo tikonze thobwa. Tinatereka migolo iwiri. Mgolo wina unatuluka bwino, thobwa lake lamadzimadzi, lotsekemera popanda kuthira shuga. Winawo tinaupeza m'mawa uli phala lolimba ngati mmene tinausiyira, losamveka kukoma n'komwe. Ufa unali umodzimodzi, chimera cha m'thumba limodzi. Agogo ena atangolawa anati, "Ana inu, chimera munachipha. Munathira phala lisanapole." Zinalidi choncho, chifukwa madzulo amenewo tinkathamangira mapemphero.

Agogowo sanalowepo m'kalasi ya sayansi koma ananena zoona. Njere ya mawere kapena ya chimanga ikanyowa n'kuyamba kumera, imapanga tinthu tosaoneka ndi maso timene akatswiri amatitcha ma enzyme. Ya m'chimera imatchedwa amylase, ndipo ntchito yake ndi kudula ufa wokhuthala uja kuti usanduke shuga. N'chifukwa chake phala limasungunuka n'kutsekemera. Akatswiri awiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, anaipatula m'chimera cha barele mu 1833, pamene kuno amayi anali ataigwiritsa kale ntchito kwa mibadwo osaidziwa dzina.

Enzyme iliyonse ili ndi kaumbidwe kakekake, ndipo imagwira chinthu chokhacho chimene chikulowa m'kaumbidwe kameneko, monga kiyi ndi loko wake. Ikadula, imasiya n'kugwira china, iyo osatha. Ndiye chifukwa chake chimera cha m'mbale imodzi chimakwanira mgolo. Koma kutentha kukapitirira, kaumbidwe kaja kamapindika ndipo sikabwereranso, monga dzira lophika silibwerera kukhala laliwisi. Phala likazizira kwambiri chimera sichifa, koma chimagwira ntchito mwaulesi. Chimafuna phala lofunda bwino.

Enzyme ya mtundu womwewu tili nayo m'malovu. Tengani kachidutswa ka chinangwa chophika kapena buledi wopanda chopaka, mutafune nthawi yaitali osameza, mumva kakuyamba kutsekemera. Kugaya chakudya kumayambira m'kamwa. Ambirife nsima timangoikankha ndi ndiwo n'kumeza, kenako n'kumadandaula kuti m'mimba mwalemera. Chakudya chikafika m'chifu chimapeza asidi wamphamvu amene amaletsa enzyme ya m'malovu, koma momwemo muli ina yotchedwa pepsin imene imakonda asidiyo, ndipo imayamba kuphwanya zakudya zomanga thupi monga nyemba, soya ndi mazira. Kutsogolo m'matumbo, kachiwalo kotchedwa pancreas kamathira madzi ochepetsa asidi kuti ma enzyme ake agwire ntchito. Iliyonse ili ndi malo ake oiyenera.

Si m'mimba mokha. M'chiwindi, m'minofu, m'magazi ndi mu ubongo muli ma enzyme a mitundu zikwizikwi, ndipo pafupifupi chilichonse chimene thupi limachita chimadalira iwo. Onsewa amafuna kutentha koyenera, madzi okwanira, mchere wa muyezo ndi asidi wa muyezo. Choncho thupi limagwira ntchito usana ndi usiku kuti zinthu m'kati mwake zisasinthe, ngakhale kunja kusinthe bwanji. Madokotala amatcha zimenezi homeostasis. Tikamawerenga Salimo 139 pa kulambira kwa pabanja, ife timakumbukira zimenezi.

Munthu amene akulima ku Nsanje mu Okutobala ndi wina amene akudzuka ku Dedza mu Juni, onse m'kati mwa thupi ali pa madigiri pafupifupi 37. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus kamene kamayeza kutentha kwa magazi. Kukatentha, kamatsegula mitsempha ya pakhungu ndi kutulutsa thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha. Kukazizira, mitsempha ija imaphinjika ndipo timanjenjemera kuti minofu ipange kutentha. Impso nazo zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma pafupifupi onse zimawabwezera m'thupi, n'kutaya lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono ngati mkodzo. Madzi akachepa m'thupi, ubongo umatumiza uthenga kuti impso ziumire, ndiye mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Tikadya, pancreas uja amatulutsa insulin kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo usiku tikagona chiwindi chimamutulutsanso pang'onopang'ono. Matenda a shuga ndiwo kusokonekera kwa dongosolo limeneli.

Munthu wamkulu wathanzi thupi lake limapirira zambiri. Mwana wamng'ono sali choncho. Kathupi kake kamatenthedwa msanga ndipo madzi amatha msanga. Tikamayendera mabanja a mumpingo timaona zinthu ziwiri zimene makolo amachita chifukwa cha chikondi, koma zimene zimalimbana ndi thupi la mwanayo.

Choyamba ndi kufunditsa. Mwana akadwala malungo kapena matenda ena, ubongo umakweza dala muyezo wa kutentha kuti thupi lilimbane ndi tizilombo. Pamene thupi likukwera kupita pa muyezo watsopanowo mwana amamva kuzizira n'kumanjenjemera, ngakhale pomukhudza akuwotcha. Apa ndi pamene amayi amatenga bulangete, kuwonjezera chitenje, kutseka mawindo, ena mpaka kumuyandikizitsa ku mbaula. Kutentha kumasowa potulukira, thukuta limasowa poumira, ndipo mwana amataya madzi ambiri. Muvekeni zovala zopepuka, mumufunditse kansalu kamodzi ngati akunjenjemera, m'nyumba muzipita mphepo. Musamusambitse madzi ozizira, chifukwa amangomunjenjemeretsa. Koposa zonse, kutentha thupi ndi chizindikiro chabe. Chimene chayambitsa ndicho chofunika kuchidziwa, ndipo kuno kwathu mwana wotentha thupi ayenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Panado amatsitsa kutentha koma sapha tizilombo ta malungo. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, musayesenso za pakhomo.

Chachiwiri ndi kumana madzi mwana wotsegula m'mimba. Timamva kawirikawiri kuti "akamwa ndiye atsegula kwambiri." Komatu chimene chimapha mwana wotereyu nthawi zambiri ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Magazi amachepa, impso zimasowa chosefa, asidi amachuluka m'magazi, ndipo ma enzyme a m'mtima ndi mu ubongo amapezeka m'malo amene sangagwiremo ntchito. Mankhwala a ORS amathandiza chifukwa matumbo amayamwa mchere ndi shuga pamodzi, ndipo madzi amatsatira, ngakhale mwanayo akutsegulabe. Paketi imodzi isungunuleni mu lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira. Muyezo umenewu musausinthe. Taonapo anthu akuthira paketi yonse m'kapu kuti "ikhale yamphamvu", koma mchere wochuluka choncho ungamuvulaze mwana. Ngati ORS palibe, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere zingakuthandizeni pamene mukupita kuchipatala. Mupatseni pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi khumi n'kuyambiranso. Bere lisasiyidwe, ndipo mapiritsi a zinc amene akupatseni amalize masiku onse amene a zaumoyo anena.

Akayamba kupeza bwino afunika chakudya, ndipo apa chimera chija chimathandizanso. Mmalo mosungunula phala la mwana ndi madzi ambiri, zimene zimangodzaza kamimba kake popanda mphamvu, phikani phala lolimba, lipole pang'ono, muthire kasupuni ka ufa wa chimera chaukhondo. Likasungunuka libwezereni pamoto liwire, kenako lizizire. Mwana amameza mosavuta chakudya chochuluka. (Za thobwa la akuluakulu sitichita kukumbutsana: timamwa lisanasase.)

Pali chizindikiro china chimene chimatisowetsa mtendere. Khanda likatha madzi m'thupi, liwombo limalowa m'kati. M'midzi yambiri amati mwana wadwala liwombo, n'kumamata zitsamba pamutu, nthawi ikupita. Vuto silili pamutupo, ndi madzi amene atha m'thupi lonse. Mukaona liwombo lalowa, maso alowa, khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera, mwana wakhala nthawi yaitali osakodza, akukana bere, akusanza chilichonse, akukomoka kapena akungogona osadzutsika, nyamukani nthawi yomweyo, mukumumwetsa ORS m'njira ngati akutha kumeza. Likhale Sabata m'mawa, musadikire kuti ulaliki uthe kapena dzuwa lilowe. Tumani mwana wamkulu akauze akulu a mpingo, atipeza kuchipatala konko.