Tiyambe ndi Kadontho Kamodzi

Pali funso limene inu ophunzira zauphunzitsi mumatifunsa kaŵirikaŵiri tikakuuzani kuti mutsegule MS-DOS: kodi tikudzivutiranji ndi zinthu zimene eni ake anazisiya kalekale? Funsoli n'loyenera ndithu, ndipo sitikudzudzula olifunsa. Komabe ife tikuti mphunzitsi wofuna kuti ana amvetse m'mene chithunzi chimapangikira pa galasi la kompyuta ayenera kuyambira pa njira yakaleyi, pakuti m'menemo mulibe chobisika.

M'chaka cha 1987 kampani ya IBM inatulutsa VGA, chipangizo choonetsera zithunzi. Mwa njira zake zojambulira muli ina yotchedwa Mode 13h. Mu njira imeneyi galasi limagaŵidwa m'mizere 200, ndipo mzere uliwonse uli ndi timadontho 320. Tonse pamodzi ndi 64,000. Kadontho kalikonse kali ndi kabokosi kake mosungira manambala mwa makinawo, ndipo timabokosito tandandalikana motsatana kuyambira pa malo otchedwa A000. Mukaika nambala yapakati pa 0 ndi 255 m'kabokosi, nthaŵi yomweyo kadontho kake kamasintha mtundu: 0 ndi wakuda, 4 wofiira, 15 woyera.

Tsono taonani ntchito imene mwana apatsidwa. Akafuna kadontho pakati pa galasi, pa mzere 100, malo 160, ayenera kuchulukitsa 100 ndi 320 n'kuonjezapo 160. Apeza 32,160. M'chilankhulo cha QBasic, chimene chinadza ndi MS-DOS 5.0 mu 1991, alemba mizere itatu yokha: SCREEN 13, kenaka DEF SEG = &HA000, pomaliza POKE 32160, 4. Kadontho kofiira kaoneka. Masamu ochulukitsa aja, amene ana ena amaŵayesa chilango, abala chinthu chooneka ndi maso.

Koma phindu lalikulu lili pa kulakwa. Wophunzira wathu wina anafuna malo 330 pa mzere wa timadontho 320. Makina sanadandaule, kadontho kanangotulukira kumanzere, pa mzere wotsatira, pa malo 10. Kalasi yonse inatsutsana kwa kanthaŵi ndithu, ife tili chete (ngakhale kukhala chete kumativuta ife aphunzitsi), mpaka mtsikana wina anazindikira kuti kwa makinawo mizere yonse ija ndi chingwe chimodzi chachitali chongopindidwa. Mfundo imeneyi tikadangoilemba pa bolodi, bwenzi itaiŵalika sabata lomwelo. Chimodzimodzinso ana amadabwa poona kuti kuŵerenga kumayambira pa 0, ndi kuti mizere imaŵerengedwa chotsika, mosiyana ndi magirafu a m'phunziro la masamu. Musathamangire kuŵamasulira.

Anzathu ena amati QBasic ili kale ndi malamulo a LINE ndi CIRCLE ojambula mzere kapena chozungulira mosavuta, nanga kuchedweranji? Ife tikuti aŵa abwere pambuyo. Mwana ayambe wayesa yekha kulumikiza timadontho tiŵiri ndi mzere wopendekera, aone m'mene ukudukiradukira. Akatero adzamvetsa chifukwa chake Jack Bresenham, wa ku IBM, anakhalira pansi mu 1962 kufuna njira yojambulira mzere wotere ndi manambala athunthu okhaokha.

Tivomereze kuti palibe adzalembedwe ntchito chifukwa chodziŵa POKE, ndipo sitikupempha chaka chonse. Masabata atatu kapena anayi akwanira. N'zoonanso kuti Windows ya lero silola pulogalamu wamba kulemba molunjika m'timabokosi tija. Pa chifukwa ichi timagwiritsa ntchito DOSBox, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2002, yomwe imachititsa kompyuta yatsopano kukhala ngati yakale.

Ambiri a inu mukaphunzitsa kumene kompyuta imodzi imazunguliridwa ndi ana khumi, magetsi akakhalapo. Kumeneko yambani ndi choko. Jambulani pa bolodi mizere 8 ya timabokosi 10, mulembe manambala kuyambira 0 mpaka 79, ndipo ana apake timabokosi m'makope awo amasamu monga mwa manambala amene mnzawo akutchula. Gulu lililonse lifike pa makina litaŵerengera kale manambala a chithunzi chake.