Maina ndi Chiyambi Chake: Nike, Dzina la pa Nsapato ndi la pa Ubatizo

Aliyense amene anapitako ku Kamwala kukagulira ana nsapato akudziwa zilembo zinayi zimene anyamata athu amayamba kufunafuna, asanayese n'komwe ngati nsapatoyo ikuwakwana: Nike. Mwezi uno tasankha dzinali chifukwa makolo ena atifunsa ngati n'zoona kuti ndi dzina la fano, ndiponso ngati mkhristu angalivale popita ku Misa.

M'nthano za Agriki akale, Nike anali mulungu wamkazi wa chipambano. Ankamujambula ali ndi mapiko, atanyamula nkhata ya masamba yoveka munthu wopambana pa nkhondo kapena pa mpikisano. M'Chigriki liwulo limangotanthauza kupambana. Kampani ya nsapato ya ku America, imene inayamba mu 1964 ndi dzina lina, inadzitcha Nike mu 1971. Chithunzi cha mulungu wamkazi yemweyo chimapezekanso pa mendulo za masewera a Olympic. Chili pa mendulo ya siliva imene Samuel Matete anabwera nayo kuchokera ku Atlanta mu 1996, ndiponso pa ya buronzi imene Muzala Samukonga anapata ku Paris mu 2024. Tonse tinaomba m'manja, ndipo palibe amene anati anyamatawa apembedza fano.

Tisanathamangire kukataya nsapatozo kudzala, tiyeni titsegule buku la ubatizo ku parishi kwathu. Dzina la Nikolasi, episkopi woyera wa ku Myra amene timam'kumbukira pa 6 December, limachokera ku liwu lomweli, ndipo limatanthauza kupambana kwa anthu. Yunisi, mai wake wa Timoteo, ndiye kupambana kwabwino. Veronika, amene timakumana naye pa Njira ya Mtanda akupukuta nkhope ya Ambuye, akatswiri amati dzina lake linachokera ku Berenike, wobweretsa chipambano. Nikodemo uja anapita kwa Yesu usiku nayenso ali m'gulu lomweli. Ngakhale dzina la mzinda wa Nicaea, kumene maepiskopi anasonkhana m'chaka cha 325 n'kuyala maziko a chikhulupiriro chimene timavomereza pa Misa tsiku la Mulungu, linaphuka pa muzu womwewo.

Choncho makolo athu m'chikhulupiriro sanaliope liwuli. Yohane Woyera, m'kalata yake yoyamba, mutu 5 ndime 4, akugwiritsa ntchito liwu lenilenilo pophunzitsa kuti chikhulupiriro chathu ndicho chimagonjetsa dziko. Eklezia analanda liwuli m'manja mwa fano ndi kulipereka kwa Khristu, amene anagonjetsa imfa. Yankho lathu kwa makolo aja ndi lakuti nsapato ndi nsapato basi. Kuivala si tchimo.

Komabe pali fano lina limene tiyenera kuchenjera nalo. Tikudziwa mwana amene amakana kupita ku Misa chifukwa nsapato zake za salaula zilibe chizindikiro chotchuka, poopa kusekedwa ndi anzake. Tikudziwanso mai wa ku Chawama kapena ku Kanyama amene amakatenga kaloba kuti mwana asachite manyazi pa Khrisimasi, pamene m'nyumba unga watha ndipo January akubwera ndi zofunika za kusukulu. Nthawi zina nsapato yogulidwa ndi ngongoleyo imakhala yachinyengo, imamatuka mvula isanathe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chilichonse chimene chimatilamula mpaka kusowetsa banja chakudya, kapena kutsekereza mwana pakhomo la tchalitchi, chasanduka fano, kaya dzina lake ndi lachigriki kaya ndi lachinyanja.

Inu makolo, madzulo ano khalani pansi ndi Nikolasi wanu, Yunisi wanu kapena Veronika wanu. Muwauze kuti dzina limene akulisirira m'masitolo a ku Kamwala analilandira kale kwaulere tsiku la ubatizo wao, ndipo muwafotokozere chimene limatanthauza. Mwezi wamawa tidzaonanso dzina lina.