Ngwazi za m'makatuni zadzukanso, koma zikulankhula ndi yani?

Aliyense amene amatsata nthano zazithunzi, zomwe ambiri timangoti makatuni, akudziwa kuti ngwazi yachikuda yadzukanso. M'chaka cha 2014 Loyiso Mkize wa ku South Africa adatulutsa Kwezi, mnyamata wa m'tauni amene amadzazindikira kuti ali ndi mphamvu zoposa za munthu wamba. Mu 2016 kampani ya Marvel idapereka Black Panther, yemwe Stan Lee ndi Jack Kirby adamuyambitsa kale mu 1966, m'manja mwa mlembi Ta-Nehisi Coates, ndipo patangotha zaka ziwiri filimu ya dzina lomweli idapha ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Chapafupi pompano, Malenga Mulendema wa ku Zambia adapeka Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi apasukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka, ndipo Netflix idayamba kuionetsa mu 2023. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene akukondwa ndi zimenezi. Koma kukondwa kwanga kuli ndi polekezera, chifukwa mwa ngwazi zonsezi, ngakhale khungu lawo ndi longa lathu, palibe ndi imodzi yomwe imene ingacheze ndi mwana wa ku Nsaru kapena wa ku Kabudula popanda womasulira.

Ngakhale liwu loti ngwazi lomweli ndalitenga monyinyirika. Kwa zaka zambiri liwuli lidali la munthu mmodzi yekha, Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo pambuyo pake Bingu wa Mutharika naye adalivala. Mwina chiphona chikadakhala bwino, koma chiphona chimamveka ngati munthu wa nyonga chabe wopanda chifundo. Tingogwiritsa ntchito ngwazi, poti mwina ikakhala m'manja mwa ana idzabwerera kwa eni ake.

Ena anena kuti anthu akumudzi alibe nazo ntchito nkhani zotere, kuti zimenezi ndi zoseweretsa za ana a ku Area 47. Amene anganene choncho sadaimepo pakhomo pa kanyumba koonetsera mavidiyo pa Mpingu kapena pa Namitete tsiku la msika. Mafilimu amene amadzaza timabenchi m'menemo ndi aja omasuliridwa m'Chichewa, momwe mnyamata mmodzi amalankhulira anthu onse a m'filimumo, mwamuna ndi mkazi yemwe, nathirirapo ndi nthabwala zake. Kumasulira kwake nthawi zina kumasochera kutali ndi nkhani, koma anthu amalipirabe pakhomo. Palibe bungwe limene lidawauza anyamata omasulirawa kuti atero. Adangoona okha kuti munthu amakonda ngwazi imene akuimva. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti Amalawi pafupifupi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Tsono ngati kudzukanso kwa ngwazi za mu Africa kukuthera pa Netflix ndi m'mabuku a Chingerezi, ndiye kuti kwa ife kwangofika m'makomo ochepa a m'tauni. Filimu ya Black Panther idayesako pogwiritsa ntchito Chixhosa m'malo ena, komabe thunthu la nkhani lidali m'Chingerezi.

Chimene chimandipweteka kwambiri monga wophunzira za ziyankhulo n'chakuti Chichewa chidakhala ngati chidalengedwera nthano zazithunzi. Olemba makatuni a Chingerezi amadalira timawu tochepa toonetsa phokoso la nkhonya kapena la kuphulika kwa chinthu, ndipo tina adachita kutipeka. Ife tili ndi mvekero, umene mwana aliyense amauphunzira pamiyendo pa agogo ake asadaponde m'kalasi. Munthu akagwa, Mchewa amasiyanitsa: wagwa kuti khu ngati ndi wolemera, kuti phi ngati wagwa chagada pouma, kuti thapsa ngati wagwera m'matope. Mbama imalira kuti pha. Komatu mvekero sulekera pa phokoso. Umanenanso za zinthu zopanda phokoso n'komwe. Ngwazi ingathe kutulukira kuti balamanthu, adani ake n'kungoti kakasi, iyo itaima kuti njo, kenaka bwalo lonse n'kuti zii. Taganizirani tsamba lonse lakuda, pakati pake palembedwa liwu limodzi lokha loti bii. Wojambula wodziwa ntchito yake angafotokoze nkhondo yonse ndi mawu asanu otere, ndipo wowerenga wa Sitandade 3 angaitsate osapunthwa.

Palinso nkhani ya ulemu. Chingerezi cha lero chili ndi liwu limodzi lokha lolozera munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi mfumu kaya ndi kamwana. Ife tili ndi iwe ndi inu. Mnyamata wamphamvu zothyola mlatho amene akugwadabe pamaso pa a nyakwawa n'kumati "inu gogo" watiuza kale kuti ndi munthu wotani. Ndipo tsiku limene adzatembenukire munthu wamkulu wakuba n'kumuuza kuti "iwe", wowerenga aliyense wa ku Nambuma adzadziwa kuti zinthu zafika posauzana, ngakhale nkhonya isadaponyedwe. Zimenezi sizimasulirika. Ziyenera kubadwira m'Chichewa momwemo.

Nkhani zoti tiyambirepo nazo sizikusowa. R. S. Rattray, m'buku lake la nthano za Chinyanja la mu 1907, adalembamo za Kachirambe, mwana amene mayi ake adamulonjeza kwa fisi asadabadwe, koma iye adabadwa ali wochenjera kale ndipo misampha yonse adaizemba. Ayao ali ndi mnzake, Kalikalanje. Superman adaoneka koyamba mu 1938, kutanthauza kuti Kachirambe adamutsogolera ngakhale pa pepala penipenipo. Chondikopa mwa mwanayu n'chakuti mdani wake sali kutali: chiwembu chikuchokera m'nyumba momwe. Nkhani yotere ndi yolemera kuposa ya chilombo chochokera kumwezi.

Pali chinthu chimodzi chimene ojambula athu achinyamata amachithamangira, ndipo apa ndikupempha kuti afatse. Poti ngwazi ya m'makatuni imabisa nkhope, maganizo amafulumira kupita ku Gule Wamkulu, makamaka chifukwa bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ndipo alendo amamudziwa. Koma ziwirizi zimayenda mosemphana. Kukoma kwa Spider-Man kwagona pakuti wowerenga akudziwa kuti mkati mwa chovalacho muli Peter Parker, mnyamata wosowa ndalama ya lendi. Wowerenga ali m'chinsinsi pamodzi ndi ngwaziyo. Ku gule ayi. Chimene chatuluka pabwalo ndi chilombo, ndipo funso loti ndani silifunsidwa. Wojambula amene angaonetse mnyamata akulowa ku dambwe, n'kutulukako atasanduka ngwazi, sadalemekeze mwambo koma waulula. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe, komwe gule ndi moyo wa mudzi osati chionetsero cha alendo, buku lotero silingalandiridwe, ndipo eni mwambo adzakhala ndi chifukwa chomveka cholikanira. Gule asiyidwe kwa eni ake. Ngwazi yathu ipeze chovala china.

Tsopano funso lovuta: adzalipira ndani? Mbiri ili ndi chenjezo. Mu 1975 ku South Africa kudatuluka Mighty Man, ngwazi yachikuda imene inkamenyana ndi zigawenga za m'malokeshoni. Inkagwira akuba ndi ogulitsa chamba, koma sidakwezepo dzanja polimbana ndi malamulo a tsankho amene ankazunza owerenga ake tsiku ndi tsiku. Zidadziwika pambuyo pake kuti ndalama zake zinkachokera mwachinsinsi ku dipatimenti yofalitsa nkhani ya boma la tsankho lomwelo. Ana a sukulu a ku Soweto ataukira mu 1976, Mighty Man sadakhalitsenso. Owerenga adali atamuzindikira.

Kwathu kuno choopsa si boma la tsankho, koma chizolowezi choti chilichonse chosindikizidwa m'Chichewa chizikhala ndi uthenga wa mabungwe. Sindikunyoza ntchito imeneyi. Sara, mtsikana uja wa UNICEF wa m'zaka za m'ma 1990 amene ankayenda ndi nyani wake Zingo, adathandiza kuti anthu akambirane za maphunziro a atsikana. Koma Sara adabadwira kuphunzitsa, ndipo mwana amanunkhiza phunziro lidakali patali. Ngwazi imene yalipiridwa kuti izikumbutsa anthu kusamba m'manja ndi mlangizi wa zaumoyo wovala chovala chachilendo basi. Ndipo polojekiti ikatha, nayo imatha. Ngwazi yoti mwana wa ku Kabudula aikonde iyenera kuloledwa kukwiya ndi zimene zimakwiyitsa makolo ake: venda wa sikelo yobera pogula soya ndi mtedza, munthu amene amasowetsa feteleza wotsika mtengo usiku, wamkulu amene wagulitsa munda wa ana amasiye. Iyeneranso kuloledwa kulakwitsa, kuchita mantha, ngakhale kugonja m'magawo ena. Wopereka thandizo sakonda zimenezo, chifukwa sizilowa bwino mu lipoti.

N'chifukwa chake ndikuona kuti tsogolo la ngwazi ya Chichewa lili m'thumba la wowerenga mwini, ngakhale thumbalo ndi lobooka. Mabuku okongola a mitundumitundu monga a Marvel tingowaiwala. Pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kusindikiza kudakwera mtengo koposa. Koma makolo athu sadadikire mitundu kuti akonde Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala ya Malawi News. Pewani sankauluka, komabe anthu ankamudikira sabata ndi sabata, ndipo kudikira kumeneko ndiye msana wa nthano zazithunzi. Masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe adaonetsanso kale kuti owerenga chiyankhulochi alipo.

Choyenera kuyesa ndi kabuku ka masamba asanu ndi atatu, kakuda ndi koyera, kotuluka mwezi ndi mwezi mosadumphitsa, pa mtengo wosaposa wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Kagulitsidwe pamene anthu ali kale: pa tebulo la wogulitsa mayunitsi, pa siteji ya kabaza, pakhomo pa kanyumba ka mavidiyo kaja. Pa foni katha kufikanso, koma m'mudzi foni ndi ya bambo kapena ya achimwene, ndipo mwana amaigwira mwa apo ndi apo. Pepala ndiye limayenda: kabuku kamodzi kogulidwa pa Nsaru kadzadutsa m'manja mwa kalasi yonse mpaka chikuto chitathothoka. Wosindikiza adzadandaula kuti owerenga makumi atatu alipira kamodzi, ndipo mitengo yake ayenera kuiwerengera akudziwa zimenezo kuyambira pa gawo loyamba.